Edge computing ndi makampani a mafoni: kodi ndalama zake zili pati?

Kumayambiriro kwa 2021, bungwe loyang'anira za mauthenga ku America, FCC, linamaliza kugulitsa pa okushoni mafunde oyendetsera 5G. Ogula analipira madola oposa 81 biliyoni, ndipo kampani ya mafoni ya Verizon yokha inatulutsa oposa 45 biliyoni. Imeneyo inali ndalama ya chilolezo basi, asanagule n'komwe chipangizo chokweza pansanja. Ndalama zotere zimayenera kubwerera, koma zibwerera kudzera pati?

Kwa munthu wamba wa foni n'kovuta kuziyembekezera. Iye sawonjezera ndalama chifukwa choti kanema watseguka msanga pang'ono kuposa dzulo. Chaka ndi chaka anthu akudya data yochuluka, pomwe mtengo wa gigabaiti imodzi ukunka nutsika. Kampani ya mafoni yakhala ngati mwini msewu amene amaukuza chaka chilichonse chifukwa malole achuluka, koma phindu lalikulu likupita kwa eni katundu ali m'malolemo: Google, Amazon, Meta, Netflix ndi anzawo. Edge computing inabwera ngati limodzi mwa mayankho a vuto limeneli. Padutsa zaka zoposa khumi chiyambireni kuikamba, choncho tsopano tingathe kuona zimene zagulitsika ndi zimene zatsalira pa masitandi a ku zionetsero za malonda.

Ine ndimaona chonchi: makampani a mafoni anayamba ndi kugulitsa liwiro, pomwe ogula enieni amalipira zinthu zina. Amalipira kuti data yawo isayende ulendo wautali wodula, kuti isatuluke pampanda pawo kapena m'dziko mwawo, ndiponso kuti zinthu zikaima pakhale mmodzi woti amugwire pakhosi.

Mphepete yake ili pati?

Mukatsegula pulogalamu pa foni, ntchito yambiri sichitikira m'fonimo. Foni imatumiza pempho pa mafunde kupita kunsanja, nsanja imalipereka ku chingwe cha faiba, chingwe chimalifikitsa pakatikati pa netiweki ya kampaniyo, kenako limatulukira pa intaneti mpaka likafike ku chinyumba chodzaza makompyuta amphamvu otchedwa maseva, chimene amati data centre. Kumeneko ndiko anthu amakutchula kuti cloud. Yankho limabwerera njira yomweyo. Edge computing ndi kufupikitsa ulendowu, kutenga ena mwa maseva aja n'kuwaika pafupi ndi pamene data ikubadwira.

Liwu lakuti edge limatanthauza mphepete, ndipo chosokoneza n'chakuti aliyense amaika mphepete pamene pali malonda ake. Wopanga mafoni amati mphepete ndi foni yomweyo. Wogulitsa zipangizo za m'mafakitale amaloza kabati ya maseva pakona ya fakitale. Mwini nsanja amaloza patsinde pa nsanja yake. Kampani ya mafoni imaloza nyumba zake zakale za m'mizinda, momwe kale munkakhala makina olumikiza mafoni a zingwe. Onsewa sakunama. Koma mukamva kuti msika wa edge ndi waukulu mwakutimwakuti, dziwani kuti mwina aphatikiza mphepete zonsezi, ndipo gawo la kampani ya mafoni ndi kachigawo chabe.

Ganizoli si lachilendo. Akamai, kampani imene inayamba mu 1998, inamanga malonda ake pa kusunga zithunzi ndi masamba a pa intaneti pafupi ndi owerenga. Mu 2009, Mahadev Satyanarayanan wa pa yunivesite ya Carnegie Mellon ndi anzake anafotokoza za tinyumba tating'ono ta maseva toyandikana ndi mafoni, natitchula kuti cloudlet. Mu 2014 bungwe la ku Ulaya loika miyezo, ETSI, linakhazikitsa gulu la Mobile Edge Computing, ndipo mu 2017 dzinalo linasinthidwa kukhala Multi-access Edge Computing pofuna kuphatikizamo Wi-Fi ndi zingwe. N'chifukwa chake anthu a ntchitoyi amangoti MEC.

Chimene 5G inabweretsa ndi khomo lotulukira. M'ma netiweki akale data yonse inkayenera kudutsa pa zipata zochepa zapakati, moti kamera ndi seva zokhala mumsewu umodzi zinkatha kulankhulana kudzera mumzinda wina wakutali. M'kamangidwe ka 5G, kamene bungwe loika miyezo ya ma netiweki a mafoni, 3GPP, linayamba kutulutsa mu 2018, gawo lonyamula data ya kasitomala, lotchedwa UPF, linapatulidwa n'kukhala pulogalamu imene mungaiike paliponse, ngakhale m'fakitale mwa kasitomalayo. Data imapatukira pomwepo osapita kulikulu. Izi zimayenda bwino pamene pakati pa netiweki pamangidwanso mwa 5G, zimene amati standalone, koma makampani ambiri anayamba ndi kukweza ma wailesi a 5G pamwamba pa maziko a 4G. Ankalengeza malonda amene netiweki yawo inali isanakonzekere.

Liwiro lokha siligulitsa

Kuwala kumayenda m'chingwe cha faiba makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi. Ndiye kuti seva ikakhala pa mtunda wa makilomita 1,000, kupita ndi kubwera kumadya mamilisekondi 10 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000), tisanawerengere kuchedwa kwa pa mafunde ndi pa zipangizo za m'njira. Palibe injiniya angasinthe zimenezi. Malonda onse a liwiro anaima pamenepa.

Koma bwererani pa masamu omwewo. Ngati data centre yaikulu ili pa makilomita 300, ulendo wa m'chingwe ndi mamilisekondi atatu okha. Kusuntha seva kuifikitsa patsinde pa nsanja kukupulumutsani mamilisekondi atatuwo, kapena ochulukirapo pang'ono mukachotsanso zipata za m'njira. Ndani angalipire zimenezo? M'maiko momwe ma data centre a Amazon, Microsoft ndi Google ali kale ku London, Frankfurt, Tokyo kapena Virginia, anthu ambiri ali kale pafupi mokwanira.

Zitsanzo zimene zinkaonetsedwa kwambiri nazonso zinali ndi mphako. Galimoto yoyenda yokha pa liwiro la makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi. Palibe wopanga galimoto angalole kuti mabuleki adikire yankho lochokera pa netiweki imene ingathe kudukiza m'chigwa kapena pansi pa mlatho, n'chifukwa chake magalimoto a Waymo ndi Tesla amanyamula makompyuta awo. Dokotala wochita opaleshoni ali kutali angasankhe chingwe cha faiba osati mafunde. Masewera a pa cloud ankaoneka ngati ndiwo adzakhale kasitomala woyamba, koma Google inatsegula pulatifomu yake ya masewera otere, Stadia, mu Novembala 2019 n'kuitseka mu Januwale 2023, ponena kuti anthu sanaikonde monga ankayembekezera. Magalasi oonetsa zithunzi zosakanikirana ndi dziko lenileni amafunadi yankho la mkati mwa mamilisekondi pafupifupi 20 kuti wovala asachite chizungulire, koma ovala magalasiwo akadali ochepa. Ntchito zofuna liwiro loopsa zimachitikira m'chipangizo momwemo, zosafuna liwiro zimapita ku cloud yotchipa, ndipo kampani ya mafoni imatsala ndi kampata ka pakati.

Kukhala landilodi

Njira yoyamba, ndiponso yosavuta, ndi kubwereketsa malo. Mu Disembala 2019 AWS, nthambi ya cloud ya Amazon, inalengeza Wavelength pamodzi ndi makampani a mafoni a Verizon, Vodafone, KDDI ndi SK Telecom. Maseva a Amazon amaikidwa m'nyumba za kampani ya mafoni n'kulumikizidwa mwachindunji ku netiweki yake. Malo oyamba anatsegulidwa mu 2020 ku Boston ndi dera la San Francisco, kenako Tokyo, Daejeon ndi London. Microsoft ndi Google nawonso anachita mapangano ofanana ndi makampani monga AT&T.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Kampani ya mafoni siyenera kuphunzira ntchito ya cloud, ndipo olemba mapulogalamu amagwiritsa ntchito zida zimene anazolowera kale. Kuipa kwake kuli pa bilu. Wolemba mapulogalamu amatsegula akaunti ku AWS, amalipira ku AWS, akavutika amafunsa ku AWS. Kasitomala ndi wa Amazon. Kampani ya mafoni imapeza za malo, za magetsi, za kulumikiza ndi gawo limene anagwirizana, koma ubale ndi wogula uli m'manja mwa wina. Komanso mlendi ameneyu ali ndi kolowera kwina. M'mwezi womwewo wa Disembala 2019, Amazon inatsegula Local Zone yake yoyamba ku Los Angeles, imene ndi kagawo ka cloud koikidwa mumzinda popanda kudalira kampani imodzi ya mafoni, ndipo pambuyo pake inatsegula zina m'mizinda yambiri, kuphatikizapo Lagos. Seva ya mu Local Zone imatumikira anthu a ma netiweki onse, pomwe ya mkati mwa netiweki imodzi imapindulira kwenikweni makasitomala a kampani imodziyo. Wolemba mapulogalamu akafunsidwa kusankha, simungadabwe ndi yankho lake.

Pali malo amodzi pamene ulandilodi umakoma: kumene cloud yaikulu ili kutali. Microsoft inatsegula ma data centre ake oyamba mu Africa mu 2019 ku Johannesburg ndi Cape Town, AWS inatsegula ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024. Dziko limene lili makilomita masauzande angapo kuchokera kumeneko limataya mamilisekondi makumi angapo pa ulendo uliwonse, ndipo apo kusiyana kumamvekadi. Mu 2024 AWS ndi kampani ya mafoni ya Orange analengeza za Wavelength ku Morocco ndi ku Senegal, maiko amene alibe data centre yaikulu ya AWS. Chokopa chachikulu kumeneko si masewera ayi. Ndi banki, chipatala kapena nthambi ya boma imene malamulo amafuna kuti data yake ikhale m'dziko momwemo.

Kudzimangira cloud yawo

Ena anati bwanji tidzichitire tokha. Mbiri siwakomera. Verizon inagula Terremark, kampani ya ma data centre ndi cloud, mu 2011 pa madola 1.4 biliyoni kuti ipikisane pa cloud, ndipo pofika 2017 inali itagulitsa ma data centre ake ambiri kwa Equinix pa madola 3.6 biliyoni. AT&T inagulitsa ake kwa Brookfield mu 2018 pa madola 1.1 biliyoni. Pa edge penipeni, Deutsche Telekom inayambitsa MobiledgeX mu 2018 kuti ikhale pulatifomu yolumikiza mphepete za makampani ambiri, koma mu 2022 Google inaigula. Ericsson, kampani yopanga zipangizo za ma netiweki, inayesa ndi Edge Gravity n'kuitseka mu 2020.

Chifukwa chake si kusowa kwa maseva. Cloud ndi zida mazanamazana zimene wolemba mapulogalamu amadina n'kuyamba ntchito nthawi yomweyo, ndi khadi la ku banki basi. Kampani ya mafoni inazolowera makontirakiti a miyezi yokambirana. Kuwonjezera apo, pulogalamu imalembedwa kuti igwire dziko lonse lapansi, pomwe kampani ya mafoni imathera m'malire a dziko lake, ndipo m'dzikomo ili ndi gawo chabe la anthu. Palibe angalembe pulogalamu yake kambirimbiri kuti igwirizane ndi pulatifomu ya kampani iliyonse.

Pampanda pa kasitomala

Apa ndi pamene ndalama zenizeni zayamba kuoneka, ndipo mpofunika kukhalitsapo. Tiyerekeze fakitale yokhala ndi makamera 100 oyang'ana katundu pa lamba kuti aone wosweka. Kamera iliyonse ikamatumiza mamegabiti asanu pa sekondi, pa tsiku imatulutsa magigabaiti 54. Makamera onse pamodzi ndi materabaiti 5.4 tsiku lililonse. Kutumiza zonsezo ku cloud kumafuna chingwe chachikulu ndi malo osungira odula, pomwe pafupifupi zithunzi zonsezo zikungoonetsa katundu wabwinobwino. Seva ikakhala pafakitale pompo, imaona zithunzizo, n'kutumiza kauthenga kakang'ono kokha kakuti botolo lakuti lang'aluka. Mwini fakitale sakugula mamilisekondi. Akuchepetsa bilu yonyamulira data, akusunga zinsinsi za kapangidwe ka katundu wake pakhomo, ndipo chingwe cha kunja chikaduka lamba wake sayima.

N'chimodzimodzi pa doko, pomwe makina okwezera makontena amayendetsedwa ndi munthu wokhala mu ofesi akuyang'ana pa sikirini, kapena mu mgodi momwe malole akuluakulu amayenda opanda dalaivala, kapena m'nyumba zosungira katundu momwe timaloboti timayendayenda. Malo otere ndi aakulu, odzaza zitsulo, ndipo Wi-Fi imadukiza chipangizo chikamachoka pa wailesi ina kupita pa ina. Netiweki ya 4G kapena 5G ya pamalopo yokha, yokhala ndi UPF yake ndi maseva ake, imathetsa zimenezo. Mercedes-Benz itatsegula Factory 56 ku Sindelfingen mu 2020, netiweki yake ya 5G inamangidwa ndi Telefónica ya ku Germany pamodzi ndi Ericsson.

Kampani ya mafoni imadya pangapo: pokonza mapulani ndi kumanga, pa ndalama ya mwezi ndi mwezi yoyang'anira netiwekiyo, pa masimu khadi a zipangizo, pa chingwe cholumikiza malowo ndi kunja, ndi pa chitetezo. Makontirakiti ake amakhala a zaka zingapo, ndipo kasitomala amene lamba wake wamangiriridwa pa netiweki yanu sachoka chifukwa choti wina watsitsa mtengo pang'ono. Kaperekedwe ka mtengo nakonso kamasintha. Woyang'anira fakitale sadziwa kuti gigabaiti ndi yaikulu bwanji, koma amadziwa bwino ndalama imene amataya lamba akaima ola limodzi. Mukamuuza kuti alipira zakuti pa kamera iliyonse pa mwezi, ndipo netiweki ikagwa kupitirira mphindi zakuti inu mubweza zakuti, akumvani.

Koma walira mvula walira matope. Choyamba, kampani ya mafoni siinenso yokha yokhala ndi mafunde. Mu 2019 dziko la Germany linapatula mafunde a pakati pa 3.7 ndi 3.8 GHz kuti mafakitale azitenga okha chilolezo cha pamalo pawo, ndipo makampani monga Bosch, Siemens ndi Volkswagen anatenga. Britain, Japan ndi America ali ndi njira zofanana. Ku America amati CBRS. Fakitale ingathe kugula zipangizo mwachindunji kwa Nokia kapena Ericsson, n'kuitana akatswiri ena kudzalumikiza, kampani ya mafoni osaiona n'komwe. Chachiwiri, kontirakiti iliyonse ndi yosokedwa payokha ngati suti ya telala. Doko si chipatala, chipatala si mgodi. Kampani imene inazolowera kugulitsa chinthu chimodzi kwa anthu mamiliyoni iyenera kulemba ntchito anthu odziwa za migodi kapena za mafakitale, ndipo anthu otere ndi odula. Chachitatu, pa ndalama yonse ya polojekiti, gawo la netiweki nthawi zambiri limakhala laling'ono poyerekeza ndi la pulogalamu imene ikuona botolo long'aluka lija ndi la kuilumikiza ku makina a fakitale. Ofuna gawo lalikulu ayenera kugwirizana ndi eni mapulogalamu n'kukhala iwo opereka bilu imodzi. Nzeru imene ndimaiona yogwira ndi kusankha mitundu iwiri kapena itatu ya makasitomala, kupanga phukusi limodzi lobwerezeka, n'kukana ena onse. Kukana n'kovuta kwa wamalonda amene wapatsidwa chiwerengero choti akwanitse pakutha pa chaka.

Kugulitsa zimene netiweki ikudziwa

Pali katundu wina amene Amazon ndi Google alibe. Netiweki imadziwa kuti simu khadi ili pansi pa nsanja iti, kuti nambala yakuti ilidi m'foni yakuti, kuti simu khadi yasinthidwa liti. Ingathenso kupatsa kasitomala wina njira yapadera pamene pali kuthithikana. Zimenezi zikhoza kugulitsidwa kudzera m'timakomo ta mapulogalamu totchedwa API, wogula n'kumalipira nthawi iliyonse wafunsa.

Pofuna kupewa vuto lija la pulatifomu iliyonse ndi chilankhulo chake, mu 2022 kunayambika polojekiti ya CAMARA pansi pa Linux Foundation, ndipo mu Febuluwale 2023 ku Barcelona bungwe la makampani a mafoni, GSMA, linalengeza Open Gateway ndi makampani 21. Mwa ma API ake muli lina louza pulogalamu kuti seva ya mphepete yoyandikira ili pati, ndi lina lotchedwa Quality on Demand lopempha njira yabwino kwa kanthawi, monga pamene wojambula akuulutsa mpira m'bwalo lodzaza anthu. Mu Seputembala 2024 Ericsson ndi makampani 12, kuphatikizapo AT&T, Vodafone, Orange, Bharti Airtel ndi Reliance Jio, analengeza kampani yogulitsira ma API pamodzi, imene pambuyo pake inatchedwa Aduna.

Chochititsa chidwi n'chakuti amene anayamba kupeza ogula si a liwiro aja. Ku Brazil, Claro, TIM ndi Vivo anayamba ndi ma API othandiza kuthana ndi akuba: banki imafunsa ngati simu khadi yasinthidwa posachedwa isanalole kuti ndalama zituluke. Imeneyi si edge computing kwenikweni, koma ikuonetsa mtundu wa chinthu chimene anthu amalipira mosanyinyirika. Kuti msikawu ukukula pang'onopang'ono kuposa mmene ankaganizira, umboni uli m'mabuku a Ericsson: inagula kampani ya ku America ya Vonage pa madola 6.2 biliyoni mu 2022 makamaka chifukwa cha ma API, ndipo mu 2023 inatsitsa mtengo wake m'mabuku ndi ma krona a ku Sweden 32 biliyoni.

Ndalama yosatuluka nayonso ndi ndalama

Gawo lina silioneka pa zionetsero chifukwa palibe chojambula. Netflix, kudzera mu Open Connect imene inayamba mu 2012, imapereka mabokosi ake kwaulere kwa makampani a intaneti kuti aziika m'nyumba zawo. Google ndi Meta amachitanso zomwezo. Kampani ya mafoni silandira lendi, koma kanema amene anthu zikwizikwi akuonera amadutsa kamodzi kokha pa chingwe chodula cha pansi pa nyanja m'malo modutsa kazikwizikwi. Imeneyi ndiyo edge yakale kwambiri ndiponso yopindulitsa mosakayikitsa.

Komanso netiweki yeniyeniyo ikusanduka mapulogalamu oyenda pa maseva wamba. Kampani ikaika maseva m'mizinda kuti ayendetse ma wailesi ake ndi UPF yake, ndiye kuti yadzipezera kasitomala woyamba, amene ndi iyo yomwe. Malo, magetsi ndi zoziziritsira zalipiridwa kale, ndipo zotsala zingagulitsidwe.

Masamu a tinyumba tambirimbiri

Chimene chimagwetsa mapulani ambiri ndi mtengo wobalalitsa maseva. Data centre yaikulu imatchipa chifukwa imasonkhanitsa makasitomala ambirimbiri: wina akagona wina ali maso, moti maseva sakhala chabe. Magetsi imagula mochuluka pa mtengo wotsika, ndipo akatswiri ochepa amasamalira maseva masauzande. Tengani maseva 1,000 omwewo muwagawe khumikhumi pa malo 100. Malo alionse akufuna zoziziritsira zake, mabatire ake, loko wake, seva yapadera yodikira ina ikafa, ndi munthu woyendetsa galimoto kukasintha chimene chapsa. Malo alionse ayenera kukwanira pa ola la ntchito yambiri ya dera lake, kenako maseva n'kumangodya magetsi tsiku lonse. Ntchito imodzimodziyo imadula pa mphepete kuposa pakati, choncho iyenera kukhala ntchito imene ili ndi chifukwa chokanira kupita pakati.

N'chifukwa chake maloto oika seva patsinde pa nsanja iliyonse anazirala, ndipo makampani ambiri anakhazikika pa malo ochepa m'mizinda ikuluikulu. Komanso nsanja zambiri sizilinso za makampani a mafoni. Anazigulitsa kwa makampani a nsanja monga American Tower ndi Cellnex kuti apeze mpamba. American Tower inagula CoreSite, kampani ya ma data centre, pa madola pafupifupi 10 biliyoni mu 2021. Landilodi weniweni wa patsinde pa nsanja ndi ameneyo. Dongosolo lotetezeka ndi lakuti kasitomala asaine kaye, seva ibwere pambuyo. Kumanga kaye poyembekeza kuti ogula adzabwera okha kunayesedwa, ndipo ena mwa mayina atchulidwa pamwambapa ndi amene anayesa.

Tsopano kwabwera AI

Nkhaniyi yadzukanso chifukwa cha AI. Kuphunzitsa makina akuluakulu a AI kumafuna ma data centre aakulu zedi, ndipo pamenepo kampani ya mafoni ilibe mbali. Koma kugwiritsa ntchito makina ophunzitsidwa kale, monga kumva mawu n'kuyankha, kumasulira munthu akulankhula, kapena kuona zithunzi za kamera, kungachitikire pafupi. Maboma nawo akufuna kuti data ya nzika zawo isamatuluke, makamaka chiyambire malamulo monga GDPR ya ku Ulaya yoteteza data ya anthu mu 2018, ndipo kampani ya mafoni ya m'dzikomo, imene boma limaidziwa kale n'kuilamulira, ili ndi mwayi pa malonda otere.

Mu Febuluwale 2024 kunakhazikitsidwa AI-RAN Alliance, momwe muli Nvidia, SoftBank, T-Mobile, Ericsson, Nokia ndi Samsung. Ganizo lake n'lakuti chipangizo chimodzi cha GPU, chimene makompyuta amagwirira ntchito za AI, chiziyendetsa ma wailesi a netiweki, ndipo nthawi imene mafoni achepa chizigwira ntchito za AI zolipidwa. Pa pepala n'zokoma, chifukwa zipangizo za netiweki zimamangidwa mokwanira ola la kuthithikana ndipo nthawi yambiri zimagwira ntchito yochepa.

Mafunso awiri ndi amene adzagamule. Loyamba ndi magetsi. GPU imodzi ya Nvidia ya mtundu wa H100 imatha kudya mawati 700, seva imodzi imanyamula zisanu ndi zitatu, ndipo makabati atsopano odzaza ma GPU amapitirira makilowati 100, pomwe malo a nsanja wamba anakonzedwera makilowati ochepa chabe. Nyumba zakale za m'mizinda zija zingakonzedwe, koma si zaulere. Lachiwiri ndi nthawi. Netiweki imapuma pakati pa usiku, anthu atagona. Ntchito za AI zofuna yankho la msanga zimachokera kwa anthu ndi mafakitale amene ali maso, pa maola omwewo amene ma wailesi akufuna GPU ija. Zimene zingadikire mpaka usiku ndi ntchito zosathamangira, ndipo ntchito yosathamangira ingathe kuyenda makilomita 1,000 kupita ku data centre yaikulu kumene magetsi ndi otchipa.